Mbawa ya pa Paki

Yasmin anakhala pakhonde ndi lichero la mpunga pamiyendo, akusankha timiyala kamodzikamodzi. Linali Loweruka. Mawa lake amalume a chibwenzi chake Sidik ankabwera kuchokera ku Ulongwe kudzamufunsira ukwati. Mayi ake anali atamufunsa kawiri ngati watsiriza, koma zala zake zinkayenda pang'onopang'ono, maso ali pafoni.

Uthenga wa Sidik unalowa.

"Duwa langa, ndili ku Liwonde kugula nsapato za mawa. Usandisowe kwambiri. Mtima ndausiya kwa iwe, uusunge bwino."

Anamwetulira, n'kubisa foniyo pansi pa chitenje.

Awiriwa anadziwana ku paki ya kuseri kwa njanji, m'tauni ya Balaka. Kale malowo ankaunjikapo mabelo a thonje odikira sitima. Malondawo atazilala, anthu anayamba kutayapo zinyalala. Bambo ake a Yasmin, malemu a Abdulwahab, amene ankasesa pamsika, ndiwo anatenga khasu pamodzi ndi anzawo atatu. Madzi ankakatunga kumjigo wa kusukulu, zigubu ziwiri panjinga, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anthu ankawaseka kuti akuthirira fumbi.

Lero pali mithunzi, mabenchi a simenti ndi akatungwe a ana. Atsikana amasewera netiboli, azibambo amakangana pabawo, akwati amabwera kudzajambulitsa. Palibe chikwangwani chotchula amene anadzala mitengoyo.

Sidik ankatsogolera gulu lothamanga m'mawa uliwonse. Tsiku lina anaima pamaso pa Yasmin akupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Chemwali, mumabwera tsiku lililonse koma simuthamanga. Kapena anakulembani ntchito yolondera mtengowu?"

Yasmin anangoyang'ana pansi. Mawa lake Sidik anabweranso, mkuja lakenso. Ankamubweretsera malambe, ankamutcha duwa, nyenyezi ya Balaka, mayi wa kunyumba. Iye akabwerera kwawo mawuwo ankawabwereza mumtima.

Panatha miyezi itatu asanamuuze chimene ankakhalira pansi pa mtengowo, umene unali mbawa. Bambo ake anaidzala m'mawa umene iye anabadwa. Mbuzi zinaidya, iwo anaitchingira ndi minga, inaphukanso. Chaka chilichonse ankamuimiritsa pathunthu kuti aone amene wakula kwambiri. Atadwala matenda awo otsiriza anapempha kuti awakweze panjinga akaione. Nkhaniyi Yasmin anali asanauzepo munthu.

Sidik anamvetsera mpaka kumapeto, maso atafiira.

"Ukwati wathu wa nikah ukadzangotha, tidzajambulitsa pompano," anatero. "Ndalonjeza. Sindidzakuliza, Yasmin."

Kodi mtsikana akanafunanso chiyani?

Mpunga utatha, Yasmin anavala mpango wake n'kuuza mayi ake kuti akubwera. Ankafuna kukakhala pang'ono pansi pa mtengo wa bambo ake, tsiku lalikulu lisanafike.

Paki inali itadzaza. Ana ankalimbirana akatungwe, wojambula ankakalipira akwati kuti asatsinzine. Yasmin anadzera kuseri kwa mpanda wa maluwa monga ankachitira masiku onse, popewa maso a anthu. Atayandikira mbawa anaima.

Pabenchi panali Sidik. Pambali pake panali Martina, mphunzitsi amene anali atangofika kumene m'tauniyo n'kulowa gulu lothamanga. Mutu wa Martina unali paphewa pa Sidik.

"Mtengo uwu anadzala ndi bambo anga, m'mawa umene ndinabadwa ine," Sidik ankatero, mawu atawatsitsa. "Mbuzi zinaudya kawiri, iwo osagonja. Atatsala pang'ono kutisiya anati tiwakweze panjinga adzauone."

"Pepa, Sidik. Sindimadziwa kuti ndiwe wamasiye."

"Sindinauzepo aliyense. Ndiwe woyamba, duwa langa."

Yasmin anagwira nthambi ya mpandawo. Bambo ake a Sidik anali moyo, ankagulitsa chimanga ku Ulongwe. Dzulo lomwelo anali atatumiza moni.

Anaganiza zobwerera mwakachetechete. Anaganiza za nkhuku ziwiri zimene mayi ake anamanga kukhitchini, za azakhali amene anali kale panjira, za anansi amene anauzidwa. Akakhala chete, mawa zonse ziyenda, ndipo palibe adzadziwe. Kukhala chete ankakudziwa bwino. Kusukulu ankadziwa mayankho koma osakweza dzanja. Pamaliro a bambo ake, wa kukhonsolo atanena kuti pakiyo inali nzeru za ofesi yawo, iye anangoluma mpango.

Miyendo inamutulutsa yokha kuseri kwa mpandawo.

Sidik anadzambatuka ngati wakhalira nyerere. Martina atafunsa kuti ameneyu ndani, anayankha kuti ndi mwana wa anansi. Kenako anamukokera Yasmin pambali n'kuyamba kunong'ona mofulumira. Anati minibasi ya ku Liwonde inachedwa. Anati Martina ndi wongocheza naye, alendo amafunika kuwasangalatsa. Anati nkhani ndi nkhani basi, mtengo sunachepe chifukwa choti wina waifotokoza.

"Iwe ndiwe mkazi wanga, Yasmin. Za mawa zili pomwepo. Usawononge zinthu chifukwa cha zazing'ono, wamva, nyenyezi yanga? Pita kunyumba, ndikuimbira."

Anali ndi chikhulupiriro chonse kuti apita. Ankamudziwa.

Yasmin anachotsa dzanja la Sidik pamkono pake. Mawu oyamba anatuluka ang'onoang'ono.

"Iyayi."

Anayang'ana Martina, amene anali ataimirira atagwira botolo lake la madzi.

"Achemwali, pepani. Amene anadzala mtengowu ndi a Abdulwahab Usumani, ankasesa pamsika. Anali bambo anga. Mwana anabadwa m'mawa umenewo ndine. Ndipo mbuzi zinaudya katatu, osati kawiri."

Martina anayang'ana Sidik. Sidik anayang'ana nsapato zake zakale zothamangira. Azibambo a pabawo anali atasiya kusewera.

"Yasmin, anthu akutiyang'ana."

"Atiyang'ane." Misozi inali itayamba kutsika, koma sanaipukute. "Mukanangokhala ndi mkazi wina, mwina ndikanakalira kunyumba n'kukulandirani mawa. Ndine wotero, mukudziwa. Koma bambo anga sanandisiyire nyumba kapena munda. Anandisiyira nkhani imeneyi yokha. Ndinaisunga zaka zisanu ndi chimodzi, ndinakupatsani inu nokha, ndiye mwaitenga kukakopera akazi. Bambo anu omwe mwawaika m'manda ali moyo."

"Duwa langa…"

"Dzina langa ndi Yasmin Abdulwahab. Ndimakukondani, a Sidik, ndipo sindikudziwa kuti zidzatha liti. Koma amalume anu muwaimbire lero lomwe, asavutike kukwera minibasi. Amayi ndikawauza ndekha."