Chikole cha Foni ya Chaka Chatha

Selina sanali mtsikana woti n'kumuzunguza mutu ndi mawu otsekemera, ayi ndithu. Kakantini kake kotchajitsa mafoni ndi kugulitsa makava a mafoni kanali pafupi ndi pomwe pamaima maminibasi a ku Chipata, pa boma la Chadiza, ndipo mabodza a anyamata anali atawamva mpaka kukhuta. Ambiri anayesa mwayi, onse anabwerera manja ali m'khosi.

Kenako kunabwera Dominic.

Anatsika minibasi tsiku lina m'mawa, malaya oyera mbee ngati sanadutse m'fumbi. Anali wogulitsa mbewu ya chimanga wochokera ku Chipata, ndipo ankafuna kava ya foni yake. Selina ataiveka, iye anati sinakhale bwino, aivule aivekenso. Selina anamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti kavayo ikukwana bwinobwino.

"Ndikudziwa," anatero Dominic. "Ndimafuna ndionenso manja anuwo."

Selina anaseka. Ha, kusekako ndiye kunali kugwa kwake!

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula ya mu Januwale. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wadzuka bwanji, njiwa yanga ya ku Mlolo? Dzuwa la kuno likukana kutuluka mpaka uyankhe." Selina ankawerenga, n'kunena yekha kuti zachibwana, kenako n'kuwerenganso. Anamukonda munthuyo ndi mtima wake wonse, ndipo sankabisa.

Masiku amenewo n'kuti kutatuluka foni yatsopano ya mtundu womwe Dominic anali nawo, ndipo nkhani yake inali m'kamwam'kamwa. Pa Fesibuku anthu ankatukwanizana, pa wailesi ankaikambirana ngati ndi nkhani ya chisankho. Ena ankati ndi foni yomwe ija ya chaka chatha, yangosintha chitenje. Ena ankati opanga anangosuntha kamera pang'ono kuti makava akale asakwane, zomwe Selina sizinamudandaulitse konse, poti wogulitsa makavawo anali iye. Ngakhale anyamata onyamula katundu pa njinga, amene mafoni awo ndi omanga ndi mphira, aliyense anali ndi maganizo ake.

Dominic yekha ndiye ankaiikira kumbuyo foniyo ngati mlongo wake. Ankati onyozawo ndi ansanje basi, iye aigula. Tsiku lina anagwira dzanja la Selina pamwamba pa kauntala, n'kuikapo foni yake ija.

"Ndikagula yatsopano, iyi ndi yako, wapamtima. Osati mphatso wamba ayi, chikole. Kauze atsibweni ako kuti Loweruka ankhoswe anga akubwera ku Mlolo."

Chikole! Mtsikana akalandira chikole ndiye kuti ali ndi mwini, nkhani yachoka m'manja mwa ana yapita kwa akuluakulu. Selina anapalasa njinga mpaka kumudzi kwawo ku Mlolo, kwa atsibweni ake a Zakeyu, amene anamulera bambo ake atamwalira. Iwo anamufunsa ngati kwawo kwa mnyamatayo akukudziwa. Selina anayankha mosaphethira kuti iye si mwana, munthu wabodza amamuona akadali patali. A Zakeyu anamukhulupirira, ndipo anayamba kuuza abale.

Lachinayi lililonse masana Selina ankatseka kantini n'kupita kukaphunzira nyimbo za kwaya ku parishi, ndipo Dominic ankadziwa zimenezi. Koma Lachinayi limenelo wophunzitsa kwaya anali ku maliro ku Zingalume, choncho Selina anakhala pantchito. Wailesi yake inali pa pulogalamu ya ku Chipata yomwe omvera amaimba foni, ndipo mutu wake unali foni yatsopano yomweyo. Anthu a pamsika anadzaza pakantini.

Mayi wina anaimba foni n'kunena kuti amuna awo agula, koma zithunzi zikutuluka ndi nkhope yomwe ija. Anthu anafa nacho chiseko. Kenako panamveka mawu amene Selina akanawazindikira ngakhale pakati pa chigayo.

"Khalani chete," anauza anthuwo monyadira, akukweza wailesi. "Alamu anu awo."

Dominic analankhula ngati mphunzitsi. Anati foniyo waigula dzulo, ndipo aliyense wonena kuti ikufanana ndi yakale sanaigwirepo. Woulutsa anamufunsa kuti nanga yakaleyo wapita nayo kuti, ndiponso, monga amachitira ndi aliyense woimba, kuti moni apite kwa ndani.

"Yakaleyo ndapatsa mayi a kunyumba, amake Chisomo," anatero Dominic, mawu ali myaa. "Moni apite kwa iwowo ndi kamwana kathu, konkuno ku Chipata."

A Fainesi, mayi wogulitsa tomato, anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana pansi.

Mtima wa Selina unawawa koopsa. Mayi a kunyumba? Kamwana? Nanga iye, amene ankadzitama kuti sanamizidwa, anali ndani m'nkhani imeneyi? Asanapeze yankho, foni yake inalira: "Kwaya ikuyenda bwanji, njiwa yanga? Mawa ndikubwera ndi chikole chako."

Ndipo anabweradi, munthu wopanda manyazi! Anafika akumwetulira, kaphukusi kali m'manja. Selina anakamasula pamaso pa onse amene anali pafupi. Munali foni, koma siinali ija anaiveka kava. Inali ya chaka cha dzana, yokalikakalika m'mbali, yomwe mkazi wake anasiya atalandira inayo. Dominic ankaganiza kuti poti zikufanana, mtsikana wa ku Chadiza sangasiyanitse.

"Dzulo pa wailesi munati mafoniwa safanana," anatero Selina mofatsa. "Lero mukufuna ndikhulupirire kuti amafanana?"

Nkhope ya Dominic inagwa. Anayamba kuchita chibwibwi, akuti ukwati umenewo unatha kale mumtima, akuti wokondedwa weniweni ndi iyeyo, akuti amupatse mpata afotokoze. Mawu omwe aja ankatsekemera tsopano ankangomveka ngati phokoso la chitini.

"Kabwezereni amake Chisomo," anatero Selina, akumukankhira kaphukusiko. "Mukawauze kuti moni wawo tinamva nawo."

Anakhoma kantini dzuwa likadali pamutu n'kukwera njinga. Pamsika sanagwetse msozi ngakhale umodzi, koma atalowa m'kanjira ka kuminda analira mpaka kuima pansi pa mtengo wa mango. Sankalirira Dominic yekha. Ankalirira nkhalamba imene inamukhulupirira popanda kufunsa kawiri.

Atafika ku Mlolo anapeza pabwalo patasesedwa, nkhuku ziwiri zili zomanga pansi pa nkhokwe. A Zakeyu anali atabwereka mabenchi ku tchalitchi cha m'mudzimo, ndipo ankawandanditsa pamthunzi akuimba kanyimbo. Atamuona anamwetulira mpaka m'makutu.

Selina anagwada.

"Atsibweni, mabenchiwa tibweze kutchalitchi. Alendo aja sabwera. Munthuyo ali ndi banja."

A Zakeyu anamuyang'ana m'maso otupawo. Njira ya kutchalitchi inkadutsa pakati pa mudzi, ndipo panalibe khomo limene silinamve za Loweruka. Anamuuza kuti alowe m'nyumba akapume, iwo abweza okha kukachita kachisisira.

"Ayi, atsibweni. Ndine ndinakuuzani kuti ndikumudziwa. Tinyamule pompano, anthu akuona."

Nkhalambayo inapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kuwerama kugwira benchi loyamba.

"Gwira kutsogoloko, mwana wanga," inatero. "Ine ndili pambuyo pako."