Mzukwa wa Maso Atatu

Nanase anali akuvula nsapato zapanja pakhomo la sukulu yawo ya ku Nerima, mu Tokyo, pamene Madoka, mnzake wa m'kalabu ya makatuni, anamugwira pamkono n'kumukokera kuseri kwa mashelefu a nsapato.

"Iwe, wayang'ana foni yako?"

"Ndayang'ana," anatero Nanase akumwetulira. "Anthu zikwi makumi anayi achigawana. Ndatchuka, mnzanga."

"Watchukadi. Tawerenga apa."

Nkhani yake inali ya chithunzi. Kalabu yawo inkakonzekera chikondwerero cha sukulu, ndipo chaka chimenecho anagwirizana zofananitsa makatuni akale ndi atsopano. Nanase ankaimira atsopano, ndipo ankaimira ndi mtima wonse. Pofuna umboni, anaonera katuni ina ya m'ma 1980, ya mtsikana wogawa makalata, n'kuiimitsa pomwe mtsikanayo ankalumpha mpanda galu ali pambuyo. Chimene chinaima pa sikirini chinamuseketsa mpaka misozi. Nkhope inali yotamuka ngati labala, maso atatu, miyendo isanu, pakamwa pali kukhutu. Anachiika pa intaneti n'kulemba pansi pake kuti: "Ndiye akuluakulu amati akale ndiwo ankadziwa kujambula. Kapena ankajambula ndi phazi?"

Tsopano chala cha Madoka chinali pa ndemanga ya munthu wina. "Gawo ili anajambula ndi Kuriyama Fumie. Dzina lake lili pamndandanda wa kumapeto." Pansi pake wina anali atawonjezera: "Si mayi wodula nsomba m'sitolo ya pafupi ndi siteshoni uja? Pachifuwa pake pamakhala dzina lomwelo."

Nanase anawerenganso ndemangazo, nsapato imodzi ili m'manja.

"Kuriyama si dzina la kwanu?" anafunsa Madoka.

"Ndi azakhali anga," anatero Nanase. "Achemwali awo a bambo."

"Ndiye sunkadziwa?"

"Amadula nsomba! Chibadwire changa amadula nsomba!"

Nanase anachotsa chithunzicho pomwepo. Tsiku lonse m'kalasi sanamve ngakhale liwu limodzi la aphunzitsi.

Ataweruka anapita kusitolo kuja. Azakhali Fumie anali kuseri kwa tebulo la nsomba, atavala epuloni yoyera ndi majombo, mpeni wautali uli m'manja. Anali mayi wamfupi, wa imvi zometa, wosaseka wamba. Patsogolo pawo panaima anyamata awiri a sukulu ina, mafoni ali m'mwamba.

"Mayi Maso Atatu, tipatseniko nsomba ya miyendo isanu!"

"Nsomba ilibe miyendo," anayankha azakhali osadzutsa mutu. "Ngati simugula patukani, mukutchinga anthu anjala."

Anyamatawo anachoka akugwirana m'mapewa ndi kuseka. Nanase anadikira pakati pa mashelefu a mpunga mpaka nthawi yopuma ya azakhali itakwana, n'kuwatsatira kuseri kwa sitolo komwe kunali makatoni onunkha nsomba.

"Wabwera kudzaona ngati nsomba ndimadulanso ndi phazi?" anafunsa azakhali akutsegula botolo la tiyi wobiriwira.

Nanase anawerama mpaka tsitsi linalendewera pansi. "Pepani, azakhali. Sindinadziwe. Ndachichotsa."

"Wachotsa chako. Za anzako zikwi makumi anayiwo uchotsanso? Dzulo kunabwera mkulu wina wa tayi, anagula kansomba kamodzi kuti apeze mpata wondisuzumira pamphumi."

"Ndikonza, azakhali," anatero Nanase mwachangu, pakuti anali ataganiza zimenezi m'sitima. "Ndili ndi tabuleti. Zithunzi zolakwikazo ndizijambulanso bwinobwino. Pachikondwerero ndidzaonetsa anthu mmene munkafunira kuti zikhale, ndipo ndidzawauza kuti nthawi imeneyo ankakufulumizitsani, kunalibe makompyuta..."

Botolo linaima m'malere lisanafike pakamwa. Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali ngati mwana wayankhula chinenero china.

"Ukonza," anatero.

"Eya."

"Zolakwika."

"Ndi ziwiri zokha, azakhali. Zinazo n'zabwino ndithu."

"Zikomo kwambiri," anatero azakhali. Anamwa tiyi wawo n'kutseka botolo. "Konza, mwana wa mlongo wanga. Ukamaliza uonere. Ukaonera ubwere kwathu."

Loweruka Nanase anatsekula chipinda cha kalabu m'mawa. Kulumpha mpanda konse kuja kunali zithunzi khumi ndi zinayi. Anachotsa ziwiri zonyansazo n'kuyamba kujambula zake. Anampatsa mtsikana wa makalata maso awiri owala, miyendo iwiri yowongoka, pakamwa pamalo pake. Tsitsi analijambula chingwe chimodzichimodzi. Pamene Madoka ankafika masana ndi mibulu iwiri ya mpunga ya nkhomaliro, khosi la Nanase linali litauma.

"Eee! Koma ndiye wajambula," anatero Madoka. "Ichi n'chopachika pakhoma. Taliza tione."

Nanase anadina. Galu anathamanga, mtsikana anafika pampanda, kenako chinachake chinachitika chimene sichinali kulumpha. Zinali ngati munthu wadula chidole cha pepala n'kuchinyamula ndi zala kuchiika mbali inayo. Mtsikanayo anakakamira m'malere, wokongola, wouma gwa.

Madoka anasiya kutafuna. "Bwerezanso."

Anabwereza. Zinali zomwezo.

"Mwina kompyuta yachedwa," anatero Nanase.

"Taika yakale ija."

Anaika yakale. Galu anathamanga, ndipo mtsikana uja anangoti vuu! pamwamba pa mpanda, mutu ukucheukira kumbuyo ndi mantha, chikwama cha makalata chikuuluka. Nanase anamva m'mimba mwake mukukwera ngati walumpha ndi iyeyo. Anayandikitsa nkhope pa sikirini n'kubwereza kachitatu, kachinayi, kakhumi.

"Maso atatu aja ali kuti?" ananong'ona.

"Sakuoneka," anatero Madoka. "Ukapanda kuimitsa sakuoneka."

Kenako Madoka anakoka kompyuta n'kutsegula katuni yatsopano imene Nanase ankaikonda kuposa zonse, imene ankafuna kuti ikhale mboni yake pachikondwerero. Anapita pomwe mnyamata wa lupanga ankatembenuka kuti atchinge mdani, moto ukuwala mbali zonse, n'kuyamba kusuntha chithunzi chimodzichimodzi.

"Ukutani?" anafunsa Nanase.

"Dikira."

Pa chithunzi chachisanu ndi chiwiri onse awiri anakuwa. Mnyamata wokongola uja, amene chithunzi chake Nanase anamata mkati mwa chikwama, anali ndi chibwano chachitali ngati supuni, mikono itatu, ndi lupanga lopindika ngati utawaleza.

"Ayi!" anatero Nanase atagwira pakamwa. "Ayi, ameneyu ayi! Yatuluka chaka chino iyi!"

"Mwina nayenso anamujambula ndi phazi," anatero Madoka.

Lamlungu Nanase anakwera masitepe a nyumba ya azakhali. Anawapeza akusita maepuloni. Anavula nsapato, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo.

"Wakonza?"

"Ndapha, azakhali. Sakulumphanso."

"Gwedeza dzanja patsogolo pa nkhope yako. Mwamsanga. Msanga kuposa pamenepo, siwe nkhalamba. Zala zilipo zingati?"

"Sindingawerenge. Zachuluka."

"Ine ndinaziwerenga," anatero azakhali akutembenuza epuloni. "Chithunzi ngati cha maso atatu chija ife timachitcha mzukwa. Chimadutsa msanga kuposa kuphethira. Diso silichiona, koma thupi limachimva. Mzukwa wakowo ndinautayira masiku anayi. Ndinkaima pagalasi la kubafa la kampani ya makatuni ndikucheuka uku ndi uku, kufuna kuona komwe diso limatsalira mutu ukatembenuka, mpaka ndinasanza. Mkulu wathu atauona anaitana chipinda chonse kuti adzaone. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu."

Nanase anayang'ana manja awowo, ofiira ndi madzi ozizira, chala chapakati chili ndi chotupa cholimba pambali.

"Bwanji simunandiuzepo?"

"Unandifunsapo? Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi funso lako ndi limodzi: azakhali, mwabweretsa nsomba yanji?"

"Nanga munasiyiranji?"

"Dzanja linatha. Pensulo ndi yaing'ono, imafuna zala. Mpeni umafuna phewa."

Nanase anapuma mozama. "Ndiye kuti ndinalakwitsa zonse. Pachikondwerero ndisintha mbali. Ndidzanena kuti akale ndi amene anali enieni, atsopanowa ndi..."

"Iwe, usapuse kawiri sabata imodzi," anadula azakhali akuika simbi pansi mwamphamvu. "Unawaonera angati akalewo? Ambiri anali zinyalala. Munthu wangoima ngati mtengo wa magetsi, pakamwa pokha n'kumatseguka, mphindi zitatu. Ena ndinajambula ndine, ndipo amenewo ukanawaseka ndikanakuthandiza. Utoto tinali nawo wowerengeka, usiku wonse unkakhala mtundu umodzi wa buluu. Zanuzi ndimazionera pa wailesi yakanema ya kuchipinda chopumira. Kuwala kwa dzuwa pamadzi kuja, ine ndikanapereka dzino kuti ndikujambule."

"Ndiye abwino ndi ati?"

"Ndine woweruza mpira ine? Chimene ndikudziwa n'chakuti ana amene akujambula zanuzi anakulira pa zathu. Ankatilembera makalata kukampani. Ankaimitsa tepi ya vidiyo, chithunzi chimodzichimodzi, mpaka tepi kutha, pensulo ili m'manja."

Azakhali anatenganso simbi. Nanase anayang'ana pansi. Iyenso anali ataimitsa katuni ija, pamalo omwewo, koma iye pofuna choseka.

Tsiku la chikondwerero, m'chipinda cha kalabu munalowa anthu makumi awiri ndi atatu, ena atagwira timitengo ta nyama yowotcha. Nanase anaonetsa kulumpha kwa azakhali, kenako kwake kokonzedwa kuja. Anthu anaseka mtsikana wake wouma, ndipo iye anaima n'kulola kuti aseke. Kenako anaimitsa pa maso atatu, n'kuika pambali pake mnyamata wa mikono itatu. Chipinda chonse chinati "Haa!" Mtsikana wina wa kutsogolo anagwetsa chakumwa. Nanase anatchula dzina la amene anajambula, ndipo ananena poyera kuti amene anayambitsa chipongwe pa intaneti ndi iye.

Azakhali sanabwere. Loweruka nsomba zimayenda malonda.

Madzulo ake Nanase anaika kanema yemweyo pa intaneti pamodzi ndi mawu opepesa. Anadikira tsiku limodzi, awiri, sabata. Amene anaonera anali anthu mazana atatu ndi khumi ndi awiri. Chithunzi cha maso atatu chinali chikuyendabe, tsopano anthu akuchimata pansi pa nkhani za ndale ndi za mpira, ena ataonjezapo chipewa.

"Kupepesa sikuseketsa," anatero Madoka. "Anthu amagawana zoseketsa."

Lachitatu ataweruka Nanase anapitanso kusitolo. Sanadikire nthawi yaitali. Mnyamata wina wamtali wa jekete la masewera anafika patebulo la nsomba ndi chibwenzi chake, akumugunda ndi chigongono n'kumaloza ndi milomo. Foni yake inali itayamba kukwera m'mwamba kuti ajambule.

Nanase anatulutsa foni yake. Anatuluka pakati pa mashelefu n'kuima patsogolo pa mnyamatayo.

"Pepani, achimwene. Amene ndinaika chithunzi chija ndine. Awa ndi azakhali anga."

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo, maso ali tong'o. "Azakhali ako? Ndiye unawachita zimenezo?"

"Eya. Taonani ichi kaye. Ndi masekondi asanu okha."

Nanase anamuonetsa foni yake. Mtsikana wa makalata anati vuu! pamwamba pa mpanda.

"Ndi yomweyo imeneyi?" anafunsa mnyamatayo. "Nanga maso atatu aja?"

"Ali momwemo. Onaninso."

Anaonanso, chibwenzi chake chikusuzumira paphewa. Anaonanso kachitatu. Foni yake ija mnyamatayo anali ataiika m'thumba osadziwa. Anayang'ana mayi wa epuloni uja, n'kuyang'ananso sikirini, kenako anaweramitsa mutu pang'ono.

"Akamaliza kuonera agule," anatero azakhali mpeni ukutsika pamsana pa nsomba. "Ndipo iwe, sunthira uko, watchinga mitengo ya nsomba."

Nanase anasuntha. Mnyamatayo anagula tizidutswa tiwiri n'kuchoka khutu lili psuu.

Ameneyo anali mmodzi chabe mwa zikwi makumi anayi aja. Nanase anayang'ana batire la foni yake, anakonza lamba wa chikwama paphewa, n'kubwerera kukaima pakati pa mashelefu a mpunga, maso ali kukhomo.