Mafuta a Mtengo Wakale

Tsiku limene Mbaita anamuona Choongo koyamba, takisi yake ya buluu inafika pa pampu ikukankhidwa ndi anthu awiri. Mwini wake anali mkati, atagwira chiwongolero, akumwetulira ngati kuti galimoto zonse za mu Livingstone zimayenda choncho.

"Sisi, nithilileni ya fifite chabe," anatero mnyamatayo.

Mbaita anali atagwira ntchito yothira mafuta pa filing'i siteshoni imeneyi zaka ziwiri, ndipo madalaivala a takisi ankawadziwa ngati zala zake. Anamuyang'ana kuyambira kumutu.

"Fifite? Ba dilaiva, motoka yanu yafa na njota. Fifite siizafika na pakhosi."

"Nanga nichite bwanji, sisi? Chaka chatha fifite inali kunipeleka ku Simonga na kunibweza. Manje inisiya pa njila. Koma lelo yanisiya pamalo pabwino."

"Pabwino bwanji?"

"Pamene muli imwe."

Mbaita anafuna kukwinya nkhope, koma kuseka kunamutsogolera. Ha! Kodi ndi mtsikana uti amene amaima padzuwa tsiku lonse, akununkha petulo mpaka m'tsitsi, angadane ndi mawu otere?

Kuyambira tsikulo Choongo sanathirenso mafuta kwina. Mzere utalike bwanji, iye ankadikira pampu ya Mbaita. Sabata isanathe anali atapeza nambala yake ya foni, ndipo anali atafunsira kwa anzake mawu a Chilozi, chinenero cha kwawo kwa Mbaita, oitanira munthu amene umamukonda.

"Mulatiwa," unatero meseji yake yoyamba, "motoka iyenda na petulo, ine niyenda na iwe."

Gladys, mnzake wa pa pampu yoyandikana, atawerenga meseji ija anatsonya.

"Mwandi chenjela. Ba takisi pakamwa ni shuga."

"Uyu ni wina, Gladys."

"Bonse ni bena pa mwezi woyamba."

Koma mtima ukakonda sumva za mnzako. Mbaita akaweruka, Choongo ankamuperekeza kwawo ku Linda, akuzimitsa injini pamtsetse uliwonse kuti asunge mafuta. Ankamugulira chimanga chootcha, iye n'kumadya zotsala. Tsiku lina anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, nagwira dzanja la Mbaita n'kulinunkhiza.

"Anthu banena ati unanunkha petulo. Ine nimvela pefyumu. Mbai wanga, nizakukwatila. Mafuta akangotsika mutengo, nizasunga ndalama, nizatuma bamalume kwanu na mbale zofunsila ukwati."

"Shuwa, ba Choongo?"

"Nikanama Mulungu anilange."

Ndi mmene ukwati wa Mbaita unamangidwira ku mtengo wa petulo. Tsiku lomaliza la mwezi uliwonse, pamene mitengo yatsopano imalengezedwa, mtsikanayo ankatchera khutu ku wailesi ngati mwana wa sukulu wodikira zotsatira za mayeso. Mtengo ukakwera, Choongo ankalemba kuti, "Pilila mulatiwa, mwezi wamawa." Ukatsika ndi tindalama tochepa, ankati, "Aka sikatsika, kangogwada chabe."

Mwezi wina wailesi inanena kuti boma lachotsera makampani a mafuta msonkho wina kuti zinthu zipepuke. Mbaita analumpha ndi chimwemwe, mpaka anakumbatira Gladys pamaso pa makasitomala. Basi, mbale zija zayandikira!

Zinayandikira kuti? Manambala a pa pampu sanasunthe. Chimene chinasuntha ndi phindu la kampani, limene manijala wawo, a Sinyinda, anawawerengera pa msonkhano wa m'mawa nkhope ikuwala. Anati kampani sinapindulepo chonchi chiyambire, ndipo onse aombe m'manja. Anaombadi. Mabwana a ku depoti, kosungira mafuta a kampani, anawagulira galimoto zatsopano, anthu a m'maofesi anawapatsa makhadi othirira mafuta aulere, ndipo othira mafuta anawapatsa zipewa zatsopano. Cha Mbaita chinali chachikulu, chinkamugwera m'maso.

"Vala bwino phindu yako," anatero Gladys.

Mbaita sanaseke. Akanapita kuti? Bambo ake anamwalira kalekale, mayi ake miyendo inali itawakana, ndipo nyumba ya ku Linda inkadya kuchokera pa pampu yomweyi. Mu tauni munali atsikana mazana okhala ndi masatifiketi, onse okonzeka kuvala chipewa chachikulucho mawa lomwe.

Kenako linafika tsiku lomaliza la Okutobala. Kunja kunkatentha moti phula linkamata kunsapato. Mphekesera inali ponseponse yakuti madzulo alengeza mtengo wokwera kwambiri. M'mawa galimoto yaikulu ya thanki inali itatsitsa mafuta, Mbaita akuona ndi maso ake. Koma itangokwana twelofu koloko, a Sinyinda anatuluka ndi makoni ofiira n'kutseka njira zonse zolowera.

"Mvelani," anatero. "Aliyense akafunsa, mafuta asila. Tizagulitsa mailo pa mutengo watsopano. Ogwila pampu lelo, agwila na kalata yake yochoka."

Umu ndi mmene ankachitira mtengo ukamakwera, ndipo onse ankadziwa. Mafuta omwewo, ogona pansi pa mapazi awo, mawa adzakhala odula, ndipo kusiyana kwake kudzalowa m'thumba la eni ake. Othira mafuta ntchito yawo inali kunama kuti mafuta atha ndi kulandira matemberero.

Cha m'ma wani koloko foni ya Mbaita inanjenjemera m'thumba. Anakabisala kuseri kwa chimbudzi.

"Mulatiwa, nkhani yabwino!" anatero Choongo. "Bamalume bavomela. Nifunika kuyenda ku Kalomo lelo kukabatenga. Pa Chiwelu mbale zifika kwanu ku Linda."

Loweruka lomweli! Mbaita sanakhulupirire. "Chiwelu chino?"

"Chino! Koma nili na vuto. Ndalama nili nayo ikwana fulu tanki pa mutengo wa lelo chabe. Mailo siizakwana. Nazungulila tauni yonse, kulikonse bati yasila. Mbai, iwe uziba kuti mafuta aliko."

"Ba Choongo, bazanichosa nchito."

"Mamineti atatu chabe. Bosi wako akayenda ku lanchi. Nanga ufuna tidikile futi chaka china? Ine nalema kugona neka nikuganiza iwe."

Chaka china! Mbaita anaganiza za mayi ake, anaganiza za kalata ija. Koma anaganizanso za miyezi yonse imene anadikira mtengo umene sutsika. Kodi iye analakwa chiyani kuti chikondi chake chizilamulidwa ndi anthu amene sanawaonepo?

A Sinyinda atangotuluka pa geti, Mbaita anachotsa koni imodzi. Takisi ya buluu inalowa mwakachetechete. Mbaita akuthira, Choongo ankangonong'oneza kuti, "Mai wa bana banga, mai wa bana banga." Thanki itadzaza analipira, n'kumupsompsona dzanja, n'kuthawa.

Koma mu Livingstone mulibe chinsinsi cha petulo. Dalaivala wina wa pamsewu anaona, naliza hutala. Mamineti asanu asanathe, magalimoto anali atadzaza mpaka mumsewu, ena atanyamula zigubu, onse akukuwa.

"Si munati yasila? Uja mwamuthilila vichani, manzi?"

"Bakawalala imwe!"

A Sinyinda anabwerako chakudya chili kukamwa. Anthu anali atayamba kujambula ndi mafoni, ndiye sakanachitira mwina, anatsegula mapampu onse. Mafuta anagulitsidwa pa mtengo wakale mpaka madzulo. Tsiku limenelo theka la tauni linadalitsa Mbaita osamudziwa dzina, koma a Sinyinda anamuitanira mu ofesi n'kumuuza kuti avule chipewa, akakhale kunyumba kufikira atamuitana.

Analira njira yonse. Komabe pansi pa mtima panali kachimwemwe. Loweruka likubwera!

Loweruka mayi ake anadzikoka n'kusesa pabwalo okha. Anapha nkhuku, anaitana mchimwene wawo wa ku Maramba kuti adzalandire alendo. Mbaita anakhala kuchipinda atavala chitenje chatsopano, khutu lili kumsewu. Galimoto iliyonse yodutsa inkamuimitsa mtima. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, nkhuku inazizira.

Cha m'ma folo koloko meseji inalowa.

"Mulatiwa pepa. Bamalume badwala BP pa njila. Tizakonza siku ina. Nikukonda kupambana moyo wanga."

Amalume ake a Mbaita anadya nkhuku ija n'kutsanzika. Manyazi amene anagwira mtsikanayo tsiku limenelo sangafotokozeke.

Patatha masabata atatu anapita kukagwada kwa a Sinyinda. Anagwadadi, maondo pa simenti. Iwo anatulutsa pepala.

"Nakumvela chifundo chifukwa cha bamai bako. Saina apa. Iyi ni chenjezo yomaliza. Kasitomala mmozi chabe akadandaula, olo ati sunamusekelele, wayenda."

Anasaina.

Choongo sanabwerenso pa pampu. Ankati wapeza ntchito yonyamula alendo ku Kazungula, nthawi ikumuchepera. Koma mameseji okha ankabwera, otsekemera ngati kale. "Bamalume bakachila chabe." "Usanitaye, Mbai wanga."

Loweruka lina la mu Disembala, mvula itangokata, kunamveka mahutala a ukwati. Mdipiti wa magalimoto omangidwa maliboni unakhotera pa siteshoni. Kutsogolo kunali galimoto yoyera, yatsopano, ya kampani yawo yomweyo. A Sinyinda anatuluka mu ofesi akuthamanga.

"Mbaita, fulumila! Ni ba Twaambo aba, ba akauntanti ba ku depoti. Ukwati wao ni lelo. Bathilile bwino!"

Mbaita anakonza chipewa, navala kumwetulira kwa ntchito, n'kuyandikira. Galasi la kumbuyo linatsika. Mkwatibwi, Twaambo uja, anali wokongola, nkhope yofatsa, atanyamula khadi ya kampani pakati pa zala zopaka utoto.

Pambali pake panali mkwati, atavala suti ya phulusa, duwa pachifuwa.

Anali Choongo.

Dziko linazungulira. Choongo anagwetsa maso n'kuyamba kukonza batani limene linali lokonzeka kale.

"Sisi, fulu tanki," anatero mkwatibwi mwaulemu. "Na motoka zonse zili kumbuyo, pa khadi yamene iyi."

Pampando wa kutsogolo panali bambo wachikulire wa jekete lalikulu, wathanzi lake, wokonda nkhani. Anasuzumira pawindo.

"Thira, mwanangu, thira! Mwana wa mlongo wanga uyu ali ndi mwayi. Mwezi wa Okutobala, dziko lonse likulira mafuta, iye anabwera ku Kalomo kudzanditenga thanki ili yodzaza. Loweruka lake tinakatula mbale ku Dambwa North kwa apongozi. Lero onani, wakwatira mafuta enieniwo!"

M'galimoto monse anaseka. Mkwatibwi anamenya Choongo paphewa mwachikondi.

Ndiye mafuta aja! Mafuta amene anagwadira pa simenti, amene anaziziritsa nkhuku ya mayi ake, ndi amene ananyamula mbale kupita nazo kwa mkazi wina! Mawu anali kale pamlomo pa Mbaita. Akanangotsegula pakamwa, ukwati uwu ukanathera pa pampu pomwepa. Anatembenuka. A Sinyinda anali ataima pambali pake, akuomba m'manja, diso limodzi lili pa iye. M'maganizo Mbaita anaona nkhope ya mayi ake.

Anameza mawu aja. Anatsegula thanki, nathira. Manambala ankathamanga, iye akuwayang'ana kuti misozi isagwe.

"Na galasi upukute," anatero a Sinyinda.

Anapukuta. Matope a mvula atachoka, nkhope ya Choongo inaoneka bwinobwino kuseri kwa galasi, ndipo kwa kanthawi maso awo anakumana. Mwamunayo ndiye anayamba kuphethira.

Anathira magalimoto asanu ndi awiri. Pomaliza mkwatibwi anamuitana, namufumbatitsa twente kwacha.

"Ya dilinki, sisi. Mwatithandiza. Naimwe siku yanu izafika."

"Zikomo, madamu," anatero Mbaita. "Muyende bwino."

Mahutala analiranso, mdipiti unalowera ku mathithi kukajambulitsa. Gladys anabwera n'kumugwira dzanja. Mbaita anapempha mamineti awiri, nathamangira kuseri kwa chimbudzi. Asanayambe n'kulira komwe, foni inanjenjemera.

"Mulatiwa usakwiye. Uyu nakwatila chifukwa cha umoyo, uziba mwamene vinthu vadulila. Koma mtima uli kwa iwe. Nizakufotokozela vonse, usanibloke."

Anawerenga kawiri. Anafuna kukuwa, kuponya foniyo pakhoma, kuthamanga mpaka ku Linda osacheuka. Koma kutsogolo kunali kutayamba kale kulira hutala ya kasitomala wotopa ndi kudikira, ndipo mawu a a Sinyinda anamveka pabwalo ponse.

"Mbaita! Pampu yako ilibe munthu!"

Anapukuta maso ndi chipewa chija, n'kuchivala. Kuweruka kunali kudakali maola asanu.