Chitseko Chogogoda cha Duane Kubiak

"Kuchokera ku Flint mpaka ku Saginaw, palibe phokoso la m'galimoto limene lingandipose nzeru ine."

Anatero Duane Kubiak usiku wa Lachisanu m'galaja mwa mlamu wake Royce, botolo lili m'manja, chifuwa patsogolo ngati tambala. Wonena zimenezi anali munthu amene chitseko cha galimoto yake, cha mbali ya dalaivala, chinkagogoda ngati mlendo wokanizidwa malo.

Galimotoyo inali ya 1978, yobiriwira, yaitali ngati bwato, yosiyidwa ndi malemu bambo ake. Phokosolo nalo linali cholowa. Bambowo analimbana nalo zaka makumi awiri, kenako anangozolowera kukweza wailesi. Duane ankati vuto ndi bolodi lophimba chitsekocho m'kati, limene linali litakhwepa. Anasintha timapini take ta pulasitiki katatu, analowetsamo siponji, masokosi akale, ngakhale chipewa. Chimene sankauza munthu n'chakuti bolodilo anali asanalichotsepo lonse. Chopukusira galasi chinkamukanika kuzula, ndiye ankangokanula m'munsi n'kumapisa dzanja ngati wofuna mbewa kuuna.

Mawa lake galimotoyo inayenera kunyamula mwana wake Tessa kupita kutchalitchi kukamanga ukwati. Mkazi wake Marlene anali atagamula kale mlandu: ikangogogoda kamodzi, mkwatibwi atsika n'kukwera ya Royce, ndipo Lolemba chiphaphacho chikagona kwa ogula zitsulo.

"Alamu, yanga ndatsuka kale," anatero Royce akumuperekeza. "Ndi maluwa omwe ndamangirira. Inu kagoneni, mawa mudzangotitsatira ndi ng'oma yanuyo."

Duane ananyamuka nthawi itadutsa 11 koloko, akutukwana chapansipansi. M'malo molunjika kwawo, anakhotera msewu wa kumanda, umene maenje ake amaulula chilichonse chokhwepa. Dzenje loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Anayamba kuimba mluzu. Lachitatu...

Go! Go! Go!

Anaponda mabuleki pafupi ndi chipata cha manda, n'kutsika ndi tochi ndi sikuludiraiva. Kunkazizira kwambiri moti mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Anagwada pamiyala, anakanula bolodi. Kapini kamodzi kanathyoka. Kachiwiri kanamulasa pamphumi. Anagwira chopukusira galasi chija n'kuchikoka ndi manja awiri, akuchitchula mayina amene sangalembedwe pano.

"Muthyola chimenecho, mnyamata."

Tochi inagwa. Kumbuyo kwake kunaima mkulu wina wowonda, atavala ovolosi yotuwa ya kufakitale. Miyala ya pamsewupo imalira ngakhale pakadutsa mphaka, koma Duane sanamve phazi n'limodzi lomwe.

"Madala, usiku uno mukufuna kupha anthu?" anatero, akutola tochi. Kenako, poti khalidwe silichoka, anawonjezera kuti iye ndi katswiri ndipo sakufuna thandizo.

Mkuluyo sanatsutse. Anangotulutsa kansanza m'thumba n'kumupatsa. Dzanja lake linalibe zala ziwiri. Anamuuza kuti alowetse nsanzayo kuseri kwa chopukusiracho n'kumaikoka uku ndi uku ngati akupukuta nsapato. Duane anachita monyinyirika. Kawaya kobisika kanadumpha, thii, chopukusira n'kugwera m'manja mwake ngati chipatso chakupsa.

Zaka khumi ndi zitatu akulimbana nacho. Nsanza!

"Ndimadziwa zimenezi," anatero. "Ndinangoiwala."

"Kwezani m'mwamba, osakoka."

Bolodi linachoka lonse. Masokosi anagwa, chipewa chinagwa. Ndipo mkatimo, kuseri kwa chitsulo chonyamula galasi, munalendewera nati yaikulu ngati dzira la njiwa, yomangidwa ndi waya. Pawayapo panakulungidwa kapepala ka paketi ya fodya.

Duane anapsa mtima. Nkhani za anthu a mufakitale ya magalimoto amene ankachita zimenezi pokhaulitsa mabwana anazimvapo, koma ankaziyesa za kumowa. Anayamba kufotokoza zimene angamuchite mwini dzanja limeneli atamupeza.

Mkulu uja anaseka. Kuseka kouma, ngati pepala likung'ambika.

Pamenepo m'pamene Duane anaona. Pakamwa pake iye pankatuluka nthunzi. Pakamwa pa mkuluyo... ayi. Tochi inkawala mpaka pachipata. Chithunzithunzi chinali chimodzi chokha. Chake.

"Linali Lachisanu," anatero mkuluyo pang'onopang'ono. "Mnzanga wa mbali inayo sanabwere tsiku limenelo."

Duane anaweramira kapepala kaja. Panalembedwa ndi pensulo: *Moni katswiri. Zakutengera zaka zingati? Floyd Mazur.*

Anadzutsa mutu. Palibe munthu. Fungo la girisi basi, ndi nsanza ija m'manja mwake, yozizira ngati yochokera mufiriji.

Nati ndi kapepala anaponya m'thumba, bolodi n'kulibwezera ndi zibakera. Mmene anafikira kwawo sakumbuka.

Koma dzuwa limachiritsa mantha ambiri. Pofika m'mawa, Duane anali atagwirizana ndi mtima wake kuti mkuluyo anali nkhalamba ya pafupi pomwepo yosowa tulo, ndipo kuti nkhani ya nthunzi inali mowa wa Royce. Pofika nthawi yovala taye, nkhalambayo inali itachokeratu m'nkhani. Nati anaipeza yekha, ndi khutu lake.

Ananyamuka mwaulemu, Marlene pambali pake, Tessa kumbuyo atadzaza mpando wonse ndi diresi, Royce akutsatira ndi maluwa ake opanda ntchito. Duane anasankha dala msewu wa kumanda. Dzenje loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Lachitatu analigunda mwamphamvu, akuyang'ana mkazi wake. Zii.

"Mwamva chiyani, mayi?"

"Ndamva pakamwa panu," anayankha Marlene. Komabe anamwetulira, ndipo Tessa anawomba m'manja.

Duane sanathe kudzigwira. Anatulutsa nati ija ndi kapepala n'kuikira Marlene pamiyendo, nati mwini dzinali akadzakumana naye adzamudyetsa natiyo.

Marlene anawerenga. Kumwetulira kunatha.

"Floyd Mazur? Woduka zala ziwiri uja?"

Duane sanatchulepo zala kwa munthu aliyense.

"Mukumudziwa?"

"Ankaika zitseko kufakitale, mzere umodzi ndi bambo anga. Munthu wa nthabwala zosasekeka. Nanga mukakumana naye kuti? Anamwalira 1991, bambo ananyamula nawo bokosi lake." Analoza pawindo. "Si uyo wagona apo, pafupi ndi chipata."

Duane anayang'ana. Mwala woyamba kuchokera pachipata, masitepe asanu kuchokera pamene anagwada usiku uja. Mawu aja anabwerera okha: mnzanga wa mbali inayo sanabwere... Ndiye kuti zitseko za mbali zonse ziwiri anaika yekha.

Galimoto inali itaima pachikwangwani cha pamphambano. Panalibe dzenje, panalibe mphepo. Ndiye m'chitseko cha Marlene, chimene chinali chisanalirepo chipangidwire, munamveka bwinobwino.

Go. Go. Go.

Marlene anatembenukira kumbuyo.

"Tessa, nyamula diresi. Amalume ako aima."