Madzi a Pampopi wa Wamabotolo

Anakumana pakhomo la labu. Mtsikanayo anali atavala magolovesi, mnyamatayo atakumbatira bokosi la mabotolo ngati wogulitsa zoziziritsa kukhosi.

"Ndinu adokotala oyeza madzi aja? Ine ndimayembekezera agogo a magalasi," anatero mnyamatayo.

"Ikani mabotolo apo, musandichedwetse," anayankha mtsikanayo. Koma kumwetulira kunamupulumuka.

Mtsikanayu sanali munthu wamba pa ntchito yake. Ndi makina ake ankatha kupeza chiphe m'kadontho kamodzi ka madzi. Yunivesite yake inagwirizana ndi bungwe lina kuti afufuze zitsime zoyandikana ndi fakitale ya mabatire, zomwe zinatsekedwa poopa mtovu. Anagawana ntchito: mnyamata uja, yemwe anali wa kubungweko, azikatunga madzi, iye aziyeza. Anzake a mu labu anamutcha mnyamatayo Wamabotolo, ndipo Wamabotolo anamutcha mtsikanayo Kadontho.

Pakamwa pa Wamabotolo panali potsekemera, abale inu. Foni ikangolira, Kadontho ankavula golovesi mwachangu.

"Kadontho kanga, zitsime zonse ndazungulira, koma ludzu langa ndiwe."

Zotsatira zinatuluka zabwino, mtovu munalibe. Chinthu chimodzi chokha chinamukayikitsa Kadontho.

"Bwanji madzi a zitsime zonsezi akufanana ngati mapasa?"

"Pansi pa nthaka madzi ndi amodzi, wokondedwa. Usadzipweteke mutu. Ine sindingakunamize, olo kamodzi."

Nanga munthu amene wamukonda umamufunsa kawiri?

Kafukufukuyo anasindikizidwa, mayina awo awiri atagundana. Akatswiri a mayiko ena anayamba kumutchula Kadontho m'zolemba zawo, ena kumuitana kuti agwire nawo ntchito. Zitsime zinatsegulidwa. Wamabotolo anagwada mu labu momwemo n'kumuveka mphete.

Tsono Kadontho anali ndi kachizolowezi kake komwe azichemwali ake ankamuseka nako: nyumba iliyonse yomwe akufuna kudzakhalamo, ankayamba wayeza madzi ake. Atapita kukaona nyumba ya bwenzi lakelo, anatunga timadzi pampopi wa kukhitchini, mwini wake ali panja kuyankha foni.

M'mawa mwake makina anajambula pakompyuta mzere woonetsa zomwe zinali m'madziwo. Kadontho anauyang'ana, mtima unagunda kuti thii! Mzerewu ankaudziwa ngati nkhope ya mayi ake. Anausanjika pamwamba pa mizere ya zitsime zija, ndipo inalowana ndendende. Anayezanso. Chimodzimodzi.

Ndiye kuti chiyambireni wakhala akuyeza madzi a pampopi umenewu?

Wamabotolo atafika ku labu masana, anapeza Kadontho atatembenuzira kompyuta kukhomo.

"Kuzitsime kuja unapitako?"

"Kadontho kanga, tamvera..."

"Ndakufunsa. Unapitako?"

Mnyamatayo anazyolika. "Fakitale ija ndi ya amalume, ndipo anandituma kuti mtovu usapezeke. Anandilera ndi iwowo. Ndikanatani? Poyamba inali ntchito chabe, koma kukonda ndinakukondadi, ndikulumbira."

"Kuli ana kumeneko. Akumwa chifukwa ine ndinati amwe!"

"Ukaulula, dzina lomwe ligwe ndi lako. Akatswiri ako aja akutaya ngati chigamba. Tingokhala chete, tikwatirane."

Kadontho anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Ululu wake unali woti ngakhale misozi inakana kutuluka. Anavula mphete n'kuisiya patebulo, ananyamula bokosi la mabotolo, n'kutuluka.

Ali m'basi yopita kuzitsime kuja analembera uthenga mkulu wa dipatimenti yake: "Zotsatira zanga zija n'zabodza. Zitsime zitsekedwe lero."

Pachitsime choyamba anapeza amayi akutunga. Mmodzi, wa mwana kumsana, anaona chovala chake choyera n'kusiya ndowa.

"Kodi si inu adokotala aja munatitsegulitsira chitsime? Mulungu akudalitseni, mwana wanga. Tinkatopa ndi mtunda."

Mwana wa kumsanayo anali wofooka, khosi lili lende. Mayiyo anamumwetsa pang'ono ndi kapu, kenaka anaitsuka bwinobwino, anaidzaza, n'kuipereka kwa Kadontho ndi manja awiri.

"Mwatopa, imwani. Ndi madzi anu omwe aja."