Diresi Lokulitsidwa Kawiri

M'nyumba ya mayi wina wosoka zovala munali mtendere. Masana dzuwa linkagwera pa nsalu zopachikidwa, tiulusi tikuyandama m'kuwalako ngati taledzera. Mwana wawo wamkazi, amene ankamutcha Kasingano chifukwa cha kuwonda, ankakhala pamenepo n'kumalemba za mitambo ndi mvula pa tsamba lake la pa intaneti.

Tsiku lina kunabwera ndemanga yopanda dzina: "Iwe, mitambo tatopa nayo. Amayi ako amayeza ziuno za anthu, sumvako kanthu?"

Kasingano anamwetulira. M'maganizo mwake, owerenga osaoneka nkhopewo anali mbalame zoyera zomuzungulira, zikumuimbira iye yekha.

"Mwanawe," amayi ake anamuchenjeza atamva zimenezi, "tepi yanga yoyezerayi imaona zambiri, koma ilibe pakamwa. Munthu wobisa dzina wabisanso mpeni. Tseka khomo limenelo."

"Amayi, inunso ndi zachikale zanuzo! Ine sinditchula munthu."

Analemba za mkwatibwi wina amene diresi lake linakulitsidwa kawiri m'chiuno. Ndemanga zinagwa ngati matalala. Akanatha kuziona kaye asanazilole kuonekera, koma kuchuluka kwake kunamutsekemera.

"Ameneyo ndi mwana wa aphunzitsi aja!" analemba wina.

"Ndiye mimbayo ndi ya mkwati ngati? Kaya!" anayankha mnzake.

Akuchimuna atawerenga, anaimitsa ukwati. Aphunzitsiwo anafika pakhomo chipewa chili m'manja, osakweza mawu n'komwe.

"Mayi, mwana wanga ali ndi chotupa m'mimba, akudikira opaleshoni. Tinauza inu nokha chifukwa cha diresi. Tsopano akukana kudya, ndipo kuchipatala akuti sapitako."

Kasingano anathamangira foni n'kufufuta zonse, koma nkhaniyo inali itajambulidwa kale, ikuyenda m'mafoni a anthu. Anayesa kufufuza amene anatchula mtsikanayo. Panalibe nkhope yoti ailoze, panalibe khomo loti agogode. Dzina lokhalo limene linali pa tsambalo linali lake.

Amayi oyandikana nawo anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, ndipo makina anachita dzimbiri.

Achinyamata inu, ena a ife tinaphunzira zimenezi imvi zitatuluka kale, pamene kulira sikuthandizanso. Miseche ndi tchimo ngakhale usatchule dzina. Ukapereka bwalo kwa anthu obisala, iwo amaponya mwala n'kumapita, koma wotsala pamlandu ndiwe.