Mpando wa Kutsogolo

Umphawi wa Benwell Zulu unkapweteka kwambiri chifukwa ankakhala nawo pafupi ndi chuma cha ena. Tsiku lililonse ankaima pa eyapoti ya Mfuwe kunyamula zikwama za alendo odzaona nyama, nsapato zake zitang'ambika mpaka chala chachikulu kumasuzumira panja. Zikwamazo ankazikweza mu motoka ya amalume ake, a Adamson, amene ankapititsa alendowo kumaloji. A Adamson sanali munthu woipa, ayi ndithu. Ndiwo anamulera bambo ake atamwalira, ndiwonso anamuphunzitsa kuyendetsa. Koma kaduka kalibe maso oonera zimenezo. Benwell akamatsuka matayala, mtima unkangomuuza kuti, "Iwe udzafera pa ndowa yomweyi."

Mnzake wina anamunong'oneza za a Cosmas, sing'anga wa kuseri kwa Mnkhanya. Benwell anabwereka njinga n'kupalasa masana, dzuwa likuswa mtengo. Ankayembekezera nkhalamba ya mikanda ndi michira. Anapeza bambo wovala shati yoyera yosita bwino, atakhala pansi pa mvunguti, akusenda mtedza.

"Mwaswera bwanji, bwana wa mamotoka?" anatero a Cosmas, mlendo asanatsike n'komwe panjinga.

Benwell anacheuka kuona ngati kumbuyo kuli wina. "Ine ndine wonyamula zikwama chabe, bambo."

"Lero. Koma mango asanathe m'mitengo udzakhala ndi motoka yako. Zaka zitatu zisanakwane zidzakhala faifi, ndipo amene amakuseka pa eyapoti adzakuvulira zipewa. Ine ndaziona kale. Funso n'lakuti, ukuzifuna?"

"Ndikuzifuna. Ndibweretse mbuzi?"

A Cosmas anaseka osaonetsa mano. "Mbuzi ndili nazo. Tenga kachithumwa aka, ukakasokere pansi pa mpando wa kutsogolo, pambali pa dalaivala. Kuyambira pamenepo mpandowo si wa munthu. Mlendo akakhalapo, palibe kanthu. Wa magazi ako akakhalapo, ameneyo wapita. Ndipo chaka chilichonse, mvula yoyamba ikagwa, mpando umafuna wake."

"Nanga ndikadzatopa nazo?"

"Udzaulule pagulu ndi pakamwa pako. Mpando udzafa tsiku lomwelo, chuma nachonso, ndipo iwe udzabwerera ku ndowa yako."

Anthuni, munthu amatha kumva mawu otere ndi makutu ake awiri n'kutambasulabe dzanja! Benwell anatambasula, n'kukasokera kachithumwako mu motoka ya amalume ake.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. M'mawa mwake Benwell anati, "Amalume, lero pumulani, ndiyendetse ndine." A Adamson anasangalala zedi. "Ehee, mwana wa mlongo wanga wakula!" Anazungulira n'kukhala mbali inayo, natsitsa galasi, naimba nyimbo ya kutchalitchi njira yonse. Patapita masiku atatu anadandaula mutu, ndipo dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Maliro atatha banja linakhala pansi, ndipo potsata mwambo wa makolo wakuti za malume zimapita kwa mwana wa mlongo wake, makiyi anaperekedwa kwa Benwell. Mango anali akadali mbwee m'mitengo.

Ntchito inayamba kumufuna yokha. Maloji ankalimbirana iyeyo. Anagula motoka yachiwiri, kenako yachitatu, n'kulemba madalaivala, koma yoyamba ija sankalola wina kuigwira. Chaka chitatembenuka, mvula itagwa, anapeza mkulu wake Silas, msodzi, ataima pamsewu ndi dengu la nsomba. Akanatha kudutsa. Anaima.

"Nsombazo ikani kumbuyo, akulu, inu mukwere kuno."

"Ndikununkha nsomba, bwana wanga," anaseka Silas. "Ndikuipitsira mpando wa azungu."

"Kwerani basi."

Sabata yomweyo ng'ona inamukoka Silas mu Luangwa, pamalo osaya pamene anakhala akuponya ukonde kuyambira ali mwana. Benwell analira pamalirowo, ndipo misoziyo inali yeniyeni. Chomvetsa chisoni n'chakuti misozi yeniyeni siinamuletse kugula motoka yachinayi ndi yachisanu.

Zonse zinali zitakwana monga ananenera a Cosmas, koma mwini wake ankangoonda. Chakudya sichinkatsika. A magazi ake otsala anali awiri okha: amai ake, a Ennie, ndi mlongo wake Winnie. Anamangirira kireti ya mabotolo pampando uja, ndipo akaona m'bale pamsewu ankayang'ana kumbali. Kuno kwathu, kudutsa m'bale akuyenda wapansi iwe uli ndi malo ndi chipongwe chachikulu, choncho anthu ankati chuma chamukweza mapewa. Sankadziwa kuti munthuyo akuthawa.

Mitambo itayambanso kusonkhana, anabwerera ku Mnkhanya.

"Bambo, zakwana. Landirani motoka imodzi, kaya ziwiri, mundimasule."

"Ine motoka ndipite nayo kuti?" anatero a Cosmas, akusendabe mtedza wawo. "Njira ndinakuuza. Palibe wakumanga pakamwa. Koma fulumira, mpando ukuona mitambo."

Benwell anadziuza kuti aulula Lamulungu likubwerali. Lamulungu litafika anati linalo.

Tsiku lina m'mawa anapita kumudzi, kufupi ndi Kawaza, kukatula mbewu kwa amai ake, ali ndi motoka yoyamba ija. Akutsitsa matumba, mvula inakhuthuka. Nthawi yomweyo kunamveka kukuwa kuchokera kumunda. Azimayi anatulukira atanyamula a Ennie, amene anagwa ali pakhasu, thupi lili moto ndi malungo. Mamotoka enawo anali kutali m'nkhalango ndi alendo, ndipo timitsinje ta panjira tinali titayamba kudzaza. Kumbuyo kwa motokayi kunali kwapululu, mipando yoonerapo nyama itanyowa kale. Winnie anatsegula chitseko n'kumasula kireti ija.

"Osawaika pamenepo!" anakuwa Benwell.

"Chifukwa?" anafunsa Winnie. "Achimwene, amai akukomoka! Mukufuna anyowe kumbuyo ngati thumba la thonje?"

"Ndati osawaika."

"Nenani chifukwa chake, timve tonse!"

Mudzi wonse unali pamenepo, pamvula, ukumuyang'ana. Panangofunika mawu ochepa. Benwell anatsegula pakamwa. Koma m'maso mwake munabwera ndowa ija, nsapato zong'ambika, ndi anthu a pa eyapoti akumuloza. Anadzinamiza kuti akathamanga kwambiri afika kuchipatala mpando usanachite zake, ndipo aulula mawa. Anatseka pakamwa. Chitseko nachonso anatseka yekha, amai ake ali m'kati.

Ali m'njira, a Ennie anatsegula maso. "Mwananga, kani mpando uwu ndi wofewa chonchi? Zaka zonsezi ndinkalakalaka kukhalapo tsiku limodzi lokha, koma ndinkachita manyazi kupempha. Ndinkati mwina ndingakuchititse manyazi kwa alendo ako." Anaika dzanja pa bondo lake. "Yendetsa pang'onopang'ono, anzanga andione."

Benwell ankalira uku akuponda moto. Atatsala pang'ono kufika pachipata cha chipatala, dzanja lija linatsetsereka.

Anaulula kumanda, dothi likutsika, akudzigubuduza pansi n'kutchula maina onse atatu. Winnie anamulavulira malovu, ndipo kuyambira tsikulo sanamutchenso m'bale. Mwezi usanathe maloji anamusiya, madalaivala anabalalika, mamotoka anafa imodziimodzi n'kuchita dzimbiri paudzu. Mutu wake nawo unapita. Lero mukamayenda msewu wochokera ku eyapoti mungakumane naye, wamaliseche theka, atasenza mpando wong'ambika pamutu. Wina akamumvera chisoni n'kumuuza kuti autule apume, amaukumbatira n'kukuwa, "Osakhalapo! Amai akugona!"

Abale anga, dyera ndi loipa. Wokulonjezani ukulu wa msangamsanga sakufuna mbuzi yanu, akufuna anthu anu, ndipo amakusiyirani inuyo ntchito yowatsegulira chitseko. Ndi bwino kudya zochepa za thukuta lako amai ako ali moyo kusiyana n'kuvuliridwa zipewa ndi dziko lonse utatsala wekha.